Galu Wodyera M'manja

Kwathu ku Machinga galu sapatsidwa chakudya, amaponyeredwa. Mukatha kudya, mwana amatenga zotsala n'kuziponya kuseri kwa nkhokwe, ndipo galu ngati ali ndi nzeru amaziwakha nkhuku zisanafike. Pakhomo pa bambo anga ndiye panalibe galu ndi mmodzi yemwe. Ndife Asilamu, ndipo tinakula tikudziwa kuti malovu a galu ndi najisi, chinthu chodetsa, akakukhudza sungaime pa swala kupemphera usanadziyeretse. Galu wa anansi akayandikira khonde, mayi ankangotola chikuni, iye n'kudziwa njira yake. Ndiye mmene ndinapeza ntchito yosamalira maluwa ku Edenvale, patangopita nthawi pang'ono anthu akuda a ku Joni ataponya voti koyamba, n'kuona nkhalamba ya mzungu ikudyetsa galu ndi dzanja, ndinaima ndi fosholo yanga kukamwa yasa.

Abwanawo anali atapuma ntchito ya njanji ku Germiston. Ana awo anali atakula n'kuchoka, m'nyumba munatsala iwo, adona, ndi galuyo. Anali galu wamkulu wofiirira, wa makutu ogwa, imvi zitayamba kale kukamwa. Dzina lake linali lachizungu lopinda lilime, ine ndinkangomuti achikulire, ndipo sunali ulemu. Masana aliwonse abwana ankakhala pampando wawo wansungwi pakhonde la kuseri, mbale yawo pamiyendo, ya galu pakatebulo pambali. Ankadya kwawo pang'ono, kenako n'kutapa mpunga ndi ziwindi za nkhuku m'mbale inayo, n'kutambasula dzanja. Galu ankanyambita chikhatho mpaka mbee, abwana akumuuza nkhani za masitima. Anayamba zimenezi galuyo ali kamwana kodwaladwala, ndipo sanasiyenso. Mbale yake inali yachitsulo, yonyezimira bwino, koma mphuno yake inali isanalowemo chibadwire.

Ine ndinkadyera kuseri kwa galaja, nditakhalira chitini cha penti. Buledi wopaka jamu ndi tiyi wa m'kapu yamalata. Nyama ya m'nyumbamo sindinkadya chifukwa sindinkadziwa amene anazinga, koma fungo la ziwindi likamabwera ndi mphepo, ndisaname, zinkandiwawa. Ine ndi galuyo tinkakhala ngati mkamwini ndi apongozi ake, kupatukirana njira. Akandinunkhiza thalauza ndi mphuno yake yonyowayo, ndiye kuti ndikasinthe ndisanaswali, ndipo mathalauza ndinali nawo owerengeka. Iye anazindikira msanga kuti sindimufuna, nayenso anasiya kundilabadira.

Abwana anamwalira m'nyengo yozizira. Anagwa m'bafa m'mawa, ndipo kuchipatala sanakhaleko nthawi. Maliro a azungu sachedwa, anthu anabwera, anamwa tiyi ataimirira, n'kubalalika dzuwa likadali pamutu. Palibe amene anagona pasiwa. Galu analowa pansi pa mpando wansungwi uja n'kukhala pomwepo, chibwano pa simenti. Adona ankayesa kumudyetsa ndi dzanja lawo, iye n'kulandira kamodzi kapena kawiri ngati wongowachitira ulemu, kenako n'kutembenuza mutu.

Kenako kunabwera mwana wawo wamkazi, amene ankakhala ku Boksburg n'kumagwira ntchito mu ofesi ya fakitale ina. Nkhani inali itapangidwa kale. Nyumba igulitsidwa, adona apita kunyumba yosungirako okalamba, ndipo kumeneko agalu saloledwa. Za ine panalibe vuto, ogula nyumbayo anati ndipitirize kusamalira maluwa. Vuto linali achikulire. Ndinali kusesa masamba pafupi ndi khomo la khitchini pamene mwanayo anawauza mayi ake, ndipo sanatsitse mawu.

"Amayi, galuyu ndimutenga, bwalo ndili nalo. Koma ine ndimachoka m'mamawa, ndimabwera dzuwa litalowa. Ndani azikhala pansi kumudyetsa ngati khanda? Akapanda kuphunzira kudya yekha pofika tsiku losamuka, kuli bwino adokotala amubaye jakisoni afe mwamtendere, kusiyana n'kuti akafe ndi njala kwanga ine ndikuona."

Ndinamuyesa wankhanza mkazi ameneyu. Koma potuluka ndinaona maso ake ali psuu, ndipo ndinakumbukira kuti nayenso anali atangoika bambo ake m'manda. Mawu akewo anali oona, kungoti anali owawa. Tsiku losamuka linali kumapeto kwa mwezi wotsatira.

M'mawa mwake adona anandiitana pakhonde. Anati dokotala wa ziweto wawapatsa njira: kuika mbale pansi, kudikira pang'ono, akapanda kudya kuichotsa mpaka nthawi ina ya chakudya, ndipo dzanja ayi, ngakhale kachidutswa.

"Ine sindingathe," anatero adona. "Akandiyang'ana ndimagonja. Iwe mtima wako ndi wolimba pa agalu."

"Adona, dzanja langa kukamwa kwa galu silingafike. Chipembedzo changa sichilola."

"N'chifukwa chake ndasankha iwe. Dzanja ndi limene tikufuna aiwale."

Ndinavomera msanga, mwinanso mosangalala pang'ono. Mumtima ndinati galu ameneyu wangokula ndi matama, njala imuwongola. Kwathu ndinaonapo anthu a ulemu wawo akudya gaga chaka cha chilala, nanga galu ndi ndani? Masana ndinaika mbale pansi kutsogolo kwa mpando uja, n'kuima poteropo manja kumbuyo. Achikulire anatulutsa mutu, anayang'ana mbale, kenako anandiyang'ana ine. Osati kumaso, ankafuna aone manja anga. Atawasowa anabwezera chibwano pa simenti. Ndinadikira monga anandiuzira, ndinanyamula mbale n'kukaiika mufiriji.

Zinapitirira chomwecho, koma chinandidabwitsa n'chakuti galu sankaoneka wanjala kwenikweni. Tsiku lina m'mawa ndikupita kukatenga payipi yothirira, ndinapeza adona atagwada kuseri kwa chitseko cha chipinda chochapira, akadali ndi mkanjo wogonera, akutulutsa mabisiketi m'thumba limodzilimodzi. Galu ankalandira mwakachetechete, onse awiri ngati akuba.

Mtima unandipsa. Ndinaiwala kuti ndine wantchito.

"Adona, mukumupha ndinu! Ine ndikumanga masana, inu mukugumula m'mawa. Tsiku likafika mwana wanu sadzafunsa za mabisiketi."

Sanandikalipire. Anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira.

"Ndikamamudyetsa," anatero, "ndimaona ngati mwamuna wanga wangopita kusitolo."

Ndinawathandiza kudzuka, ndipo anali opepuka ngati mtolo wa udzu. Madzulo ake anaimbira foni mwana wawo kuti adzawatenge, azikhala ku Boksburg pakati pa sabata n'kumabwera Loweruka kudzalongedza katundu. Anadziwa okha kuti akakhala pafupi sangapirire. Anandisiyira makiyi a khitchini ndi ziwindi zodzaza firiji.

Apa ndiye njala yeniyeni inayamba, ndipo sinamuwongole. Galu ankangomwa madzi. Nthiti zinayamba kuwerengeka, ubweya unasiya kuwala, podzuka miyendo yakumbuyo inkachita ngati yaiwala ntchito yake. Ndinatenthetsa chakudya kuti chinunkhire, ndinathira msuzi, ndinasuntha mbale kuika padzuwa, kuika pamthunzi, kuika pakapinga. Iye maso ake anali pa manja anga basi. Tsiku lina ndinamulalatira m'Chiyao, chinenero chimene ndimakalipira ndikapsa mtima zenizeni. Ndinamuuza kuti kwathu ana amalimbirana mutu wa usipa, iye akukana ziwindi, alibe manyazi? Anagwedeza mchira kamodzi, mofooka, ngati akupepesa. Pamenepo ndinadziwa kuti si matama. Ndinachita mantha, chifukwa ndinaona kuti galuyu akhoza kufa ngakhale jakisoni asanafike, ndipo afera m'manja mwanga.

Lachisanu ndinakwera teksi kupita ku Germiston kukaswali, ndipo titatuluka mumzikiti ndinatsagana ndi amalume, mchimwene wa mayi anga. Iwo anabwera ku Joni kalekale nthawi ya migodi, ndipo masiku amenewo ankagulitsa masokosi, zipewa ndi mabatire pafupi ndi siteshoni. Ankakhala m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya mmwenye. Nditawafotokozera nkhani yanga anaseka mpaka kutsokomola.

"Hawu! Wena, wachoka ku Machinga, wadutsa Tete, wadutsa Zimbabwe, kudzakhala khukhi wa inja, wophikira galu? Amayi ako akauzidwe kuti mwana wawo anakwezedwa pantchito."

"Amalume, galuyo akufa."

"Manje? Ndiye chiyani? Agalu amafa tsiku ndi tsiku pa njanji apa, palibe amalira."

Anapakula mpunga ndi nyemba m'mbale imodzi yaikulu n'kuika pamkeka. Ndinati sindikumva njala. Sanandikakamize. Anasamba m'manja, anakhala pansi pafupi nane, anati bisimila, n'kuyamba kudya mwakachetechete, akukankhira nyemba mbali yanga ndi chala ngati sakudziwa chimene akuchita. Sindikudziwa kuti ndinasamba nthawi yanji, ndinangozindikira ndikutafuna. Ndipo ndinakumbukira kuti zimenezi zinachitikaponso. Bambo anga anamwalira ine ndili ku Joni kuno, uthenga unandipeza ataikidwa kale. Ndinadzitsekera m'kachipinda kanga osadya, anzanga akubwera kudzandiuza kuti idya, limba mtima, ine mbale osaikhudza. Amalume anafika ndi poto m'jumbo, anakhala pansi n'kuyamba kudya.

"Paja bambo atamwalira munachitanso chonchi," ndinatero.

"Nanga ndikanatani? Namfedwa sauzidwa kuti idya. Umangokhala naye pansi n'kuyamba iweyo." Anatapanso mpunga, kenako dzanja linaima m'malere. Anandiyang'anitsitsa. "Ayikhona! Usandiuze kuti ukukadya ndi galu."

"Si mbale imodzi, amalume."

Anapukusa mutu nthawi yaitali. Ndinkayembekezera ulaliki, koma anangopuma mozama.

"Akakunyambita, madzi alipo, dothi lilipo. Utsuke kasanu n'kawiri, kamodzi ndi dothi, monga unaphunzirira kumadrasa. Mulungu sanalenge chinyama kuti chizifa ndi njala Msilamu akuonerera. Koma kumzikiti usakanene, angandiseke ine."

Mawa lake masana, adona atalongedza n'kubwerera ku Boksburg, ndinanyamula buledi wanga ndi tiyi kupita pakhonde la kuseri. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito panyumbapo ndinali ndisanakhalepo pansi pakhonde limenelo, ndinkangolisesa. Pampando wa malemu sindinayerekeze. Ndinayala chiguduli pa simenti, chifukwa chisanu cha ku Joni chimalowa m'mafupa, ndinaika mbale ya galu pambali panga, n'kuyamba kudya. Ndinadya mwaphokoso, kutafuna kwa mwana wosaphunzitsidwa, tiyi ndikumwa mofwefwentha. Sindinamuyang'ane. Patapita kanthawi ndinaona kuti kukhala chete n'kovuta, ndiye ndinalankhula zimene timalankhula pasiwa.

"Pepani achikulire. Zatigwera tonse. Anali munthu wabwino, ngakhale malipiro ankawaumira."

Anatuluka pansi pa mpando, anayenda mopepesuka, n'kudzagona pafupi ndi phazi langa. Mbale sanaikhudze. Mawa lakenso chimodzimodzi, mkuja wakenso. Koma tsopano ankati akamva ndikutsuka kapu yanga pampopi, ankatuluka yekha kudzandidikira pachiguduli.

Zinachitika tsiku limene kunazizira kwambiri. Mafuta a ziwindi anali atagwirana m'mbale, mpunga wauma ngati chigumu. Ndinalowetsa zala kuti ndiuphwanye, maso anga ali kwina, ndikuyang'ana mpheta zimene zinkajompha mbewu zanga. Ndinangomva chinthu chofunda, chonyowa, chikudutsa pakati pa zala. Thupi lonse linachita tsemwe. Chilichonse chimene ndinaphunzitsidwa kuyambira ndili mwana chinkandiuza kuti ndichotse dzanja. Ndinaluma mano n'kulisiya momwemo. Galu ananyambita zala, kenako anatola chiwindi chimene chinali pafupi ndi chala chachikulu, kenako china chapatali pang'ono. Iye ankaona ngati akudya m'dzanja, koma mphuno yake inali m'mbale. Sanamalize, anadya mwina theka, n'kugona akupuma mwamphamvu ngati walima.

Ndinapita pampopi wa m'munda dzanja nditalitambasula kutali ndi zovala. Ndinatapa dothi pansi pa maluwa a rozi, ndinatikita mpaka m'zikhadabo, n'kutsuka monga mwa lamulo. Madzi anali ozizira ngati akuluma. Nyansi ndinali nazo, sindikana. Koma ndinali ndi chimwemwe chimene ndinali ndisanamvepo chifikire ku Joni, ndipo ndinadzipeza ndikuseka ndekha pampopipo. Kuyambira tsiku limenelo imeneyi inakhala ntchito ya masana aliwonse: kudya, kutsuka ndi dothi, kenako swala. Khungu la dzanja lamanja linang'ambikang'ambika, ndipo amalume ataliona Lachisanu lotsatira anangondiponyera botolo la mafuta odzola.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzanja ndinalichotsa pang'onopang'ono. Poyamba zala zili mumpunga, kenako zitangogwira m'mphepete mwa mbale, kenako chikhatho chili pa simenti pafupi. Tsiku lina ndinafulumira, ndinaika dzanja pabondo nthawi isanakwane, iye anasiya kudya n'kundiyang'ana ngati ndamubera. Tinabwerera m'mbuyo n'kuyambiranso. Koma mnofu unayamba kubwerera m'nthiti, ndipo ankati akadya mwakhama, kachitsulo ka pa lamba wa m'khosi mwake kankagunda mbale, ngwe, ngwe, ngwe. Linafika tsiku limene ndinagwira buledi ndi manja onse awiri iye akudya yekha pambali panga.

Loweruka adona atabwera anatipeza tili chomwecho. Anaima pakhomo la khitchini atapinda manja m'khwapa, ndikuganiza kuti ankawaletsa kuti asatambasuke. Sanafunse chifukwa chimene wantchito wakhalira pakhonde la abwana. Anayang'anira mpaka galu anamaliza, kenako anandiitanira m'khitchini.

"Wachita zazikulu," anatero motsitsa mawu, ngati galu angamve. "Koma ku Boksburg kulibe womukhalira pafupi. Mwana wanga aziika mbale n'kuthamangira kuntchito. Akuyenera kudya popanda munthu aliyense."

Ndinkadziwa, kungoti sindinkafuna kuganizira. Dzanja linali litachoka, tsopano kunatsala kuti ndichoke ine.

Gawo limeneli ndi limene linandivuta, ndipo linandivuta ine kuposa galu. Ndinasuntha chiguduli kufika pa sitepe, kenako pakapinga, kenako pafupi ndi mpopi. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti ndinali nditazolowera. Masana amenewo ndinkamuuza zinthu zimene ndinalibe womuuza: za mkazi wanga amene ndinamusiya ndi pakati, za mwana amene ndinkangomudziwa pachithunzi, za mantha anga ndikaona galimoto ya apolisi pa siteshoni. Munthu wa ku Joni amakhala pakati pa anthu ambirimbiri koma osowa womufunsa kuti wadzuka bwanji. Ine ndinali nditapeza wodya naye, ndipo tsopano ndinkayenera kumuthawa dala.

Nditafika pobwerera kuseri kwa galaja, iye anasiya mbale n'kunditsatira. Ndinamubweza, anabweranso. Ndinakalipa, anangogwedeza mchira. Ndiye ndinachita zimene mwana aliyense wa kwathu amadziwa: ndinawerama ngati ndikutola mwala. Galu wa kumudzi akaona zimenezo amakhala atafika kale kutsidya kwa msewu. Achikulire anali asanagendedwepo moyo wawo wonse. Anabwera mothamanga kudzaona chimene ndamutolera, n'kuika mphuno m'chikhatho changa chopanda kanthu. Ndinakhala pachitini chija mtima ukuwawa. Kuyambira pamenepo sindinamukalipirenso. Pakati pa galaja ndi mpanda panali kageti kamatabwa, ndipo ndinkangoika mbale, kuyenda osacheuka, n'kutseka kagetiko. Masiku ena ankadya, masiku ena ankagona pageti mpaka nditatuluka. Tsiku losamuka linafika ndisanatsimikize kuti zatheka.

Linali tsiku loipa kuyesera galu. Lole inafika m'mawa, amuna achilendo akulowa ndi kutuluka, akukuwirana m'Chizulu, makatoni ali mbwee pabwalo. Mpando wansungwi uja unakwezedwa pa lole galu akuona, ndipo anazungulirazungulira pamalo pamene unali, akununkhiza simenti. Mwana wa adona anafika ndi galimoto yake. Anandipatsa moni mwaulemu, kenako ananena mosabisa kuti wapangana ndi dokotala wa ziweto kuti ngati zikanika apite naye masana omwewo. Anati akufuna aone ndi maso ake, osati kuuzidwa.

Ndinapempha kuti tidikire lole ichoke. Itachoka ndinapempha adona ndi mwana wawo kuti alowe m'khitchini, aziyang'anira pawindo, asatsegule chitseko zivute zitani. Ndinatenthetsa mpunga ndi ziwindi pang'ono, ndinaika mbale pamalo ake a masiku onse. Ndinkafuna kumuuza kanthu, kumulimbikitsa, koma ndinadziwa kuti mawu anga amukokera kwa ine. Ndinatembenuka, ndinayenda, ndinatseka kageti.

Kuseri kwa galaja sunkaona khonde, unkangomva. Kunali zii. Kenako ndinamva zikhadabo pa simenti, zikubwera. Zinafika pageti. Pansi pa matabwa panaoneka mphuno, ikufwenkha, ikupuma fumbi. Analira pang'ono, kulira kwa pakhosi kumene ankalira akandisowa. Ndinali pafupi kwambiri moti ndikanatambasula mwendo ndikanamukhudza. Ndinadziwa kuti ndikangotsegula n'kukakhala pa sitepe adya zonse, ndipo ndinadziwanso kuti ndikatero ndamupha. Ndinaima chilili, osatsokomola, osasuntha phazi. Ndinapemphera, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinapempherera galu.

Mphuno inachoka. Zikhadabo zinabwerera, zinaima, zinayendanso. Kenako kunalibe chilichonse kwa nthawi yaitali, moti ndinayamba kuganiza za mmene ndimunyamulire kukwera naye m'galimoto, ndi ngati adokotala angandilole kukhala pafupi pomubaya. Njiwa inalira padenga la anansi. Mumsewu wa kutsogolo munadutsa teksi ikuimba hutala. Ndiyeno, motsika kwambiri, ngwe. Ndinaganiza kuti ndi makutu anga. Ngwe, ngwe. Kenako phokoso la mbale ikukhwekhwerezeka pa simenti, galu akuikankha ndi mphuno kufuna za m'mphepete.

Ndinatsamira khoma. Sindinatuluke mpaka nditamva chitseko cha khitchini chikutseguka ndi mawu a mwana wa adona akundiitana. Mbale inali psiti. Adona ankalira ndi kuseka nthawi imodzi, atagwira mutu wa galu ndi manja onse awiri. Mwana wawo anayang'ana mbale, anandiyang'ana ine, ndipo maso ake anadzaza misozi.

"Zikomo," anatero. "Sindinkafuna kupita naye kumene kuja. Bambo sakanandikhululukira."

Zotsala zinachitika mofulumira kuposa mmene ndinkafunira. Anayala bulangete pampando wakumbuyo, adona anakhala kutsogolo ndi chikwama chawo pamiyendo. Ndinatsuka mbale ija pampopi, ndinaipukuta ndi malaya anga, n'kuipereka pawindo. Galu anakwera yekha, mimba ili tswii, anazungulira kamodzi pabulangete n'kugona. Ndinali wokondwa kuti ali moyo, ndipo ndikadali wokondwa mpaka lero. Koma mumtima ndinkafuna adzuke, aike mphuno pagalasi, andifunefune ngakhale pang'ono. Masabata onse aja ndinali kumuphunzitsa kuti asandifune, ndipo anaphunzira bwino. Galimoto inabwerera chambuyo kutuluka pabwalo, adona anakweza dzanja, kumbuyo sikunaoneke mutu. Ndinaima mpaka anakhota pakona, kenako ndinatseka geti.